Foni ili m'manja mwanga, koma kiyi ali ndi ndani?

Ine ntchito yanga ndi yokonza mafoni m'tauni muno mwa Lusaka, chakufupi ndi Katondo Street, ndipo patha zaka 11 ndili pa kathebulo komweka. Dzulo masana kunabwera amayi ena ogulitsa salaula ku Soweto Market, foni ataikulunga m'kachidutswa ka chitenje ngati khanda lodwala. Nditaiyang'ana, foniyo inalibe vuto lililonse. Galasi losasweka, batire lodzaza, potchajira pabwinobwino. Koma ukaiyatsa imangokuonetsa uthenga umodzi wokha, wakuti lipirani kaye. Ndi mafoni aja otenga pangongole, omalipira pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Amayiwa analipira miyezi 7 osaphonya, kenaka mwana anagonekedwa m'chipatala, panadutsa masiku anayi osaponyako kanthu, basi eni ngongole anaitseka ali kutali, osaikhudza n'komwe.

"Mwananga, nditsegulireko. Manambala a makasitomala anga onse ali m'menemo. Belo ndinatsegula dzana, mpaka lero sindinaike chithunzi ngakhale chimodzi pa WhatsApp."

Ndinawauza kuti, Amayi, imeneyi sindiigwira, chifukwa ndikathyola loko mlandu ugwera ine ndi inu. Anakhala chete kanthawi, kenaka anandifunsa funso limene landisowetsa tulo usiku wathawu: "Nanga foniyi ndi ya ndani? Ndalama zonse ndakhala ndikuponya zija ndinagula chiyani?"

Madzulo m'minibasi ya ku Mtendere nkhani inali yomwe ija ya masiku ano, zisankho za pa 13 Ogasiti 2026. Wina akulira mtengo wa unga, wina magetsi, wina fetereza wa makolo ake ku Katete, kondakitala naye akuponyamo zake uku akuwerenga chenji. Zonsezo n'zoona, mimba siinama. Koma tonse amene tinali m'menemo foni inali m'manja, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa kuti anthu ofuna mavoti athuwa akuti chiyani za kachipangizo kamene tikudyerapoka. Ndiye ndati ndilembe, wokwiya akwiye.

Mukukumbukira tsiku lovota la pa 12 Ogasiti 2021? Ine ndinafola pamzere kusanache, kunja kukuzizira, jekete mpaka m'makutu. Pofika masana WhatsApp inangoti zii. Facebook zii. Twitter ndi Messenger chimodzimodzi. Anthu ondidziwa pamzerepo anayamba kundipatsira mafoni awo: "Amisiri, tandionereniko, mwina bandulo yatha." Ndinagwira mafoni ambiri tsiku lija, ndipo onse anali abwino. Anyamata odziwa zinthu anathamangira VPN, njira yozembera loko wa intaneti, koma agogo ndi amayi a pamsika, amene dzina lomwelo sanalimvepo, anangokhala m'mdima osadziwa ngati ana awo ku Copperbelt ali mumtendere. Dziko lonse tsiku limenelo linasanduka foni ya amayi a salaula aja. Katundu ndi wako, bandulo wagula ndi thukuta lako, koma wina amene sukumuona wadina batani.

Zinatengera bungwe la Chapter One Foundation kukasumira ZICTA, bungwe la boma loyang'anira mafoni ndi intaneti, ku High Court kuti khoti lilamule zoti atsegule. Mu 2022 mlanduwo unatha ndi pangano lovomerezedwa ndi khoti, lakuti ZICTA sidzachita zinthu kunja kwa mphamvu zimene lamulo linaipatsa, komanso kuti intaneti ikasokonekera idzafotokozera anthu chifukwa chake pasanathe maola 36. Amene anamenya nkhondo imeneyo ndimawavulira chipewa. Koma taganizani, maola 36 pa tsiku lovota. Pofika nthawi yoti atifotokozere, mavoti amakhala ataponyedwa kale, ndipo m'malo ambiri atawerengedwa kale.

Miyezi yochepa zimenezi zisanachitike, mu Malichi 2021, pulezidenti wa nthawiyo a Edgar Lungu anasaina lamulo la Cyber Security and Cyber Crimes Act. Nthawi imeneyo a Hakainde Hichilema ndi chipani chawo cha UPND anali kotsutsa, ndipo analidzudzula poyera kuti ndi lamulo lomvetsera anthu mobisa ndi kuwatseka pakamwa. Ife a m'makomboni tinawamva, ndipo ambiri mawu amenewo tinalowa nawo m'kachipinda kovotera. A Hichilema anapambana ndi mavoti opitirira 2.8 miliyoni, a Lungu anapeza 1.8 miliyoni.

Chabwino chikachitika tizinena. Mu Disembala 2022 lamulo lakale lomangira munthu chifukwa chonyoza pulezidenti linachotsedwa, ndipo mu Disembala 2023 linasainidwa lamulo la Access to Information limene atolankhani analilirira zaka zoposa 20. Zimenezo sindizichepetsa ngakhale pang'ono. Koma mu Epulo 2025 a Hichilema omwewo anasaina malamulo awiri olowa m'malo mwa lija la 2021, lina Cyber Security Act, lina Cyber Crimes Act. Lakale lija lachokadi, koma ana awiri amene lasiya atengera bambo wawo nkhope. Makampani a foni ndi intaneti akuyenera kukhala ndi zipangizo zotha kumvetsera ndi kugwira mauthenga athu, ndipo bungwe loyang'anira zimenezi, Zambia Cyber Security Agency, laikidwa pansi pa ofesi ya pulezidenti. Bungwe la maloya la Law Association of Zambia linadandaula. Ofesi ya kazembe wa America kuno ku Lusaka inafika pochenjeza nzika zake. Boma linayankha kuti palibe amene adzamvetseredwe popanda chilolezo cha khoti.

Yankho limenelo ndalimva, ndipo sindikunena kuti akunama. Pamene pakundivuta ndi apa: pulezidenti nayenso ndi wopikisana nawo pa chisankho. Mpira sungayende bwino ngati kaputeni wa timu imodzi ndiye akusunga wezulo m'thumba, ngakhale akhale munthu woopa Mulungu chotani. Chinanso, lamulo silichoka pampando pamodzi ndi amene analisaina. A PF, chipani cha a Lungu, analemba lawo mu Malichi 2021, pofika Ogasiti anali kunja, lamulo lija latsala m'manja mwa anthu omwe ankalimbana nawo. Amene ali ku State House lero naye tsiku lake lochoka lidzafika, kaya 2026 kaya 2031, ndipo chikwanje chimene anola lerochi adzachitola wina amene ife sitikumudziwa.

Chimene chimandipweteka koposa ndi anzanga enieni, anthu amene timadya nawo nsima imodzi masana kuseri kwa shopu. Amene ankavala zofiira za UPND n'kumalirira ufulu wa pa intaneti mu 2021, lero akundiuza kuti wosalakwa saopa kanthu. Amene ankavala zobiriwira za PF n'kumati wosalakwa saopa kanthu, lero ndiwo akufuula za ufulu. Angosinthana malo, mawu ndi omwe aja. Makolo anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo mwambi umenewu tauona ukuyenda ndi miyendo m'zaka zisanu zokha. Ukafunsa ambiri a iwo ngati anawerengako tsamba limodzi la malamulowa, akuuza zimene anamva kwa kada wa chipani pa siteshoni.

Ena mundifunsa kuti, ndiye mbava za pa foni tizisiye? Ayi ndithu. Anthu oberedwa ine ndimawaona akulira pathebulo langa. Bambo wina wopuma ntchito anaimbiridwa ndi munthu wodzitcha wa ku kampani ya foni, anapereka PIN, ndalama zimene ankasungira malata zonse zinapita pa mphindi zochepa. Mtsikana wina anabwera akunjenjemera, zithunzi zake za m'chipinda zikuzungulira m'magulu a WhatsApp, wofalitsa ndi chibwenzi chakale. Anthu amenewa akufunika lamulo la mano. Mu Epulo 2024 achitetezo anathyola nyumba ina ku Roma, kuno ku Lusaka konkuno, n'kugwira anthu 77 pamodzi ndi ma SIM card opitirira 13,000 amene ankabera anthu pa intaneti, ndipo nzika za ku China zoposa 20 zinagamulidwa kukakhala kundende. Taonani chakacho: 2024, malamulo atsopanowa asanabwere. Kugwira mbava kunali kotheka kale. Mbali yolimbana ndi akuba ikhale, aiwonjezere mphamvu ngati akufuna. Chimene ndikukana ndi kusakaniza mbava ndi munthu wodandaula, kuika m'lamulo mawu otambasuka ngati kuchititsa munthu manyazi, amene wapolisi aliyense angawakokere kumene bwana wake akufuna. Nduna imene yadya ndalama za mankhwala ikachita manyazi ndi zimene ndalemba, mlandu ndi wanga?

Ma SIM 13,000 aja sandichoka m'mutu. Ine kuti ndigule SIM imodzi ndimatulutsa NRC, chitupa changa cha unzika, n'kujambulidwa nkhope. Nanga masauzande onsewo analembetsedwa m'maina a ndani? Makope a NRC zathu ali mbwee, m'mabuthi otumizira ndalama, m'makabati a okongoza ndalama, m'mafoni a anyamata olembetsa SIM m'mbali mwa msewu. Tsiku lina ndinagula vitumbuwa m'mawa, pepala lokulungira linali kope ya NRC ya munthu, nkhope, dzina, nambala, mudzi ndi mfumu yake, zonse zikuoneka m'mafuta. Ndinalisunga n'kukaliotcha kunyumba. Lamulo la Data Protection Act lilipo kuyambira 2021, ndipo limapatsa munthu ufulu wodziwa zimene ena akusunga za iye, wozikonzetsa ngati zalakwika, ngakhale wozifufutitsa. Koma kampeni ikayamba foni yanga imalandira mauthenga kuchokera ku chipani chimene sindinachipatsepo nambala yanga. Anaitenga kuti? Anawagulitsa ndani? Dzina langa ndi nkhope yanga ndi katundu wanga, monga mmene njinga yanga ilili yanga, ndipo wogulitsa popanda kundifunsa ndi wakuba.

Musaganize kuti nkhani ya umwiniyi imathera pa ife ang'onoang'ono. Mu 2010 boma la a Rupiah Banda linagulitsa magawo 75 pa 100 alionse a Zamtel ku kampani ya ku Libya yotchedwa LAP Green pa mtengo wa madola 257 miliyoni. Boma litasintha, la a Michael Sata linailanda mu Januwale 2012, ndipo ngongole ya chipukuta misozi inatsalira ife okhoma msonkho. Nyuzipepala ya The Post inatsekedwa ndi bungwe lotolera misonkho la ZRA pa nkhani ya msonkho mu Juni 2016, kutatsala miyezi iwiri kuti tivote. Prime TV inalandidwa laisensi mu Epulo 2020, n'kubwezeredwa mu Ogasiti 2021 chisankho chitangotha. Kaya munali mbali iti pa nkhani zimenezi, werengani masikuwo mwaika kalendala ya zisankho pambali. M'dziko muno chinthu chimakhala chako malinga ndi amene wakhala pampando. Ngati wailesi ya kanema yathunthu ingatsekedwe ndi kutsegulidwa motero, tsamba la mayi wogulitsa madiresi pa Facebook lidzatetezedwa ndi chiyani?

Pamsonkho ndiye boma lililonse limatipeza msanga. Mu 2018 anafuna kutidula 30 ngwee patsiku chifukwa choimba foni pa intaneti, anthu anakuwa. Kuyambira Januwale 2024 tikulipira msonkho potumizirana ndalama pa foni. Msonkho sindiukana, misewu ndi zipatala sizimera ngati bowa. Koma amene akulipira ali ndi ufulu wofunsa.

Ndiye aliyense wofuna upulezidenti akabwera ku Mtendere, ku Chawama, ku Kanyama, wofiira, wobiriwira kapena wa mtundu wina uliwonse, ine zitenje ndi zipewa sindikuzifuna. Ndikufuna anene pamaso pa anthu ngati adzalemba m'lamulo, m'mawu omveka ndi mwana wa sukulu, kuti palibe amene adzatseke intaneti pa nthawi ya chisankho. Anene ngati adzachotsa bungwe lija pansi pa ofesi yake kuti liziyankha ku nyumba ya malamulo, ndipo chaka chilichonse lizitiuza kuti lamvetsera anthu angati ndi chilolezo cha khoti liti. Amene akuti lamulo la lero ndi labwino, ayankhe ngati angagone tulo litakhala m'manja mwa mdani wake. Amene akulinyoza lero, asaine kuti sadzaligwiritsa ntchito akalowa, chifukwa malonjezo a pakamwa tinawamva kale mu 2021.

Ndipo asaiwale mafoni a ngongolewa, amene adzaza m'misika yathu. Wokongoza ayenera kulandira ndalama zake, zimenezo n'zachilungamo, ndipo popanda ngongolezi amayi ambiri sakanagwirapo foni ya intaneti. Koma lamulo linene kuti munthu amene walipira miyezi 7 apatsidwe masiku opumira akagwa m'mavuto, auzidwe mtengo wonse asanasaine, ndipo manambala, zithunzi ndi mauthenga ake asatsekeredwe m'kati ngati chikole. Wangongole anagulitsa chigoba. Makasitomala amene amayi aja anawasonkhanitsa pansi pa dzuwa la ku Soweto sanawagule kwa iye.

Amayi aja ndinawatulutsira kafoni ka mabatani kamene kanali m'kabati, ndinachotsa SIM yawo n'kuikamo. Pa SIM panali manambala 6 okha, a achibale, enawo onse anatsalira m'foni yotsekedwa. Ndinawapatsa pepala ndi bolopeni kuti alembe a makasitomala amene akuwakumbukira pamtima. Analemba anayi, lachisanu anakaikira manambala awiri omaliza. Anati akagulitsa majuzi angapo lero akalipira masiku anayi aja kuti awatsegulire. Anakulunganso foni ija m'chitenje, n'kuiika pachifuwa, ulendo wobwerera ku Soweto wapansi.