Kapisozi si simenti ya mano

Ndakwiya, ndipo ndinena. Dzulo ku Ndirande ndapeza mlamu wanga atakhala pakhonde, watsegula kapisozi wa amoxicillin, ufa uja akuupaka ndi chala m'nkhama ngati akuthira mchere m'ndiwo. Dzino lam'munsi likugwedera, m'kamwa mukununkha, akalavula malovu ofiira. Ndikumufunsa akuti, "Alamu, musadandaule, Flagyl ndamwa kale, awa ndi ongomalizitsa." Kachitatu chaka chino!

Abale, kapisozi salimbitsa dzino. Dzino limagwiridwa ndi timinyewa ting'onoting'ono tolilumikiza ku fupa la nsagwada. Litsiro likaumira m'munsi mwa nkhama n'kukhala ngati mwala, thupi limalimbana nalo tsiku ndi tsiku, ndipo pankhondo imeneyo timinyewa tija ndi fupa zimadyeka. Mankhwala apha tizilombo tina, ululu uzizira, mafinya aphwa, koma mwala uja uli pomwepo. Kapisozi sapala mwala. Mutamwa paketi yonse sausungunula. Zimafunika dokotala wa mano achite kuupala ndi zitsulo zake. Ndipo fupa likadyeka, palibe Flagyl amene angalibwezere, madzi akatayika saoleka.

Nanga zopaka ufazo anakuuzani ndani? Ufa umenewo anaupangira kumeza, uyende m'magazi pamlingo wake. Kuuunjika pachilonda n'kuzunza maselo omwewo amene akuyesetsa kupoletsa nkhamazo. Inde, madokotala nthawi zina amapereka doxycycline wochepa kwambiri, 20 mg, kuti achepetse kudyeka kwa timinyewa tija. Komatu amapereka atayamba atsuka mano, osati zomagula awiriawiri pa okala.

Ndikudziwa, ndalama yavuta, ndipo ambiri timaopa kuti tikapita akangotizula. Koma ku chipatala cha Queens mbali ya mano ilipo, minibasi kuchokera ku Ndirande sitha ola. Mlamu wangayo wakana, akuti dzino lasiya kuwawa. Lasiya kuwawa, eya, koma likugwedera! Kapisozi wangotseka pakamwa pa dzino, matenda akudya pansi mwakachetechete.

Ndiye enanu ogulitsa mankhwala pamsika, makapisozi ali padzuwa tsiku lonse pambali pa mabatire ndi mankhwala a makoswe. Mayi abwera ndi mwana wa zaka zisanu, inu osafunsa n'komwe, mwamupatsa tetracycline, yemwe amadetsa mano a ana osafika zaka 8 mpaka kalekale. Mwalandira ndalama, chenji mwabweza, mwaitana kasitomala wina.