Khadi lanu likugona kwa wakatapila, inu n'kumati zikomo

Lachisanu lapitali ndinaima pamzere wa pa ATM pa boma la Kasungu, ndipo zomwe ndinaona zikundiwawabe mumtima. Kutsogolo kwanga kunali mphunzitsi wina wachinyamata, mwana wa mnzanga amene tinkasoka naye fodya ku Santhe kalelo. Waima manja kumbuyo ngati ali pabwalo la amfumu. Wobaya manambala ndi bambo wina wakatapila, makhadi a anthu ali mulu m'manja, omanga ndi mphira ngati a njuga. Watapa zonse, wawerenga zake, n'kupatsa mwini malipiro K30,000. Mwanayo mpaka kuwomba m'manja: "Zikomo bwana."

Zikomo wa chiyani, mwana wanga? Choko wameza mwezi wathunthu ndiwe, wokolola ndi wina, ndiye uthokozenso?

Ndinkati mwina athamangira kukagula ufa. Ayi ndithu. Madzulo ndikukwera kabaza ndinamupeza pa kanyenya, botolo lili pambali, maso ali pa foni kubetcha mpira wa ku England. Arsenal ikukudziwani inu?

Ana inu, mwatani kodi? Malipiro akangolowa, masiku atatu onse ndinu mabwana: nkhuku, tchipisi cha pachiwaya, raundi ya mowa kwa anthu oti pamaliro anu sadzagwira ndi fosholo yomwe. Pofika pa 10 mayi a kunyumba ayamba kugula ufa wa wokumani ndi mafuta oyezera m'kapepala. Pa 15 dzina lanu lili m'kope la ngongole kuokala. Pa 20 mwabwerera kwa wakatapila yemwe uja, kukongola K50,000 yoti mudzabweze K75,000. Mwezi wamawa mwaudya kale usanabadwe. Mwana akatentha thupi usiku mugogoda kwa yani? Alandilodi mudzawabisalira kubafa mpaka liti?

Ndipo alimi musaseke, matendawa ndi amodzi. Mabelo akangogulidwa ku Chinkhoma, munthu amasowa pakhomo sabata ziwiri, malo ogona alendo n'kudzaza. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mvula yoyamba ikamagunda mwagulitsa njinga, feteleza mulibe, matenanti akulira.

Mudzati malipiro ndi ochepa. N'zoona, sindikukana. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo tonse tikudziwa mmene sugar ndi sopo zinakwerera. Koma nanga ya beti imachokera kuti? Ya foni yatsopano yolipira pang'onopang'ono, pomwe yakale ikuyimba bwinobwino? Amayi ogulitsa tomato mumsika, oti ofesi sakuidziwa, amaponya kangachepe kubanki mkhonde sabata iliyonse, pogawana mu December n'kugula malata kapena mbuzi. Inu ovala taye pakhosi, ngakhale chipereganyu cha anthu asanu chimakukanikani. Chimanga chikatsika mtengo mu May simugula ndi thumba limodzi lomwe, mumadikira February kuti mukalire bwino pamzere.

Mnyamata uja ndinamuyitanira pambali, ndinati, "Khadi lija ukalitenga liti?" Anangoseka n'kuti, "Madala, zidzaoneka."

Zidzaoneka? Bambo ako anakuphunzitsa ndi ndalama za nkhuku ndi mtedza, osakongola kwa munthu. Kawombole khadi lako, ndipo uchite manyazi.