Ana a ku Kota akusowa wowamvera

Mu August 2023 akuluakulu a boma mumzinda wa Kota, m'chigawo cha Rajasthan ku India, analamula kuti mafani a kudenga m'mahositelo a ophunzira aikidwe masipuling'i oti chinthu cholemera chikakolekedwapo azitsika okha. Chaka chimenecho ophunzira oposa 20 anadzipha mumzindamo. Nkhaniyi imandiwawa, chifukwa akuluakulu anathamangira kukonza denga, mwana wogona m'chipindamo osamufunsa chimene chikumudya.

Kota ndi mzinda wa masukulu okonzekeretsa ana mayeso. Chaka ndi chaka anyamata ndi atsikana zikwizikwi, ambiri osakwana zaka 19, amachoka ku Bihar, Uttar Pradesh ndi zigawo zina kudzakonzekera JEE, mayeso olowera makoleji a uinjiniya ngati ma IIT, kapena NEET, ya ofuna udokotala. Mu 2024 olembetsa NEET anaposa 2 miliyoni, pamene malo a digiri ya udokotala anangopitirira pang'ono 100,000. Mwana akhoza kuwerenga mpaka maso kufiira, nzeru ali nazo, koma n'kutsalabe. Masamu akewo ndi omwe akumukana.

Tangoganizani kachipinda kake: bedi, tebulo, mulu wa mabuku, pakhoma pepala la ndandanda ya maola owerengera. Mayeso oyeserera amabwera pafupipafupi, ndipo zotsatira zimamuuza kuti ali nambala chakuti pakati pa anzake. Mnzake wodya naye ndi yemwenso akulimbirana naye malo. Kumudzi bambo anakongola ndalama, ena anachita kugulitsa munda, abale onse ayamba kale kumutchula dokotala. Madzulo foni ikalira, mwanayo anganene bwanji kuti "amayi, sindikugona, mutu sukugwira, ndikufuna ndibwere"? Amangoti zonse zili bwino. Ku Talwandi, dera lina la mzindawu, kuli kachisi wa Radha Krishna amene makoma ake adzaza mapemphero olembedwa ndi ophunzira. Zimene akulephera kuuza makolo akuzilemba pakhoma.

Vutoli si la Kota yokha. Kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 wa NIMHANS, bungwe loona za matenda a maganizo la mumzinda wa Bengaluru, anapeza kuti pa ana 100 alionse a zaka 13 mpaka 17, pafupifupi 7 anali ndi matenda a maganizo. Bungwe la NCRB, losunga ziwerengero za milandu, linati mu 2022 ophunzira oposa 13,000 anadzipha m'dziko lonselo.

Boma silinangokhala chete, ndipo pamenepo ndiliyamikire. Mu October 2022 linatsegula Tele-MANAS, nambala yaulere 14416 yoti munthu wothedwa nzeru aimbe nthawi iliyonse. Mu January 2024 unduna wa maphunziro unati masukulu okonzekeretsawa asamalembe ana osakwana zaka 16. Mu July 2025 khoti lalikulu la dzikolo linalamula kuti sukulu ya ana 100 kapena kuposa ikhale ndi mlangizi wophunzira bwino ntchitoyi, komanso kuti asiye kugawa ana m'magulu potengera malikisi ndi kuwachititsa manyazi pagulu. Zimenezi n'zofunika kwambiri, ndipo eni masukulu amene akupha makwacha pa mantha a makolo akakamizidwe kuzitsata.

Koma mtima wanga uli pa makolo. Sindikuwada, ambiri akuthawa umphawi ndipo akuona kuti khomo lotulukira ndi limodzi lokha. Chimene ndikuwapempha n'chakuti tsiku loperekeza mwana kusiteshoni amuuze momveka, osati mophiphiritsa, kuti zikakanika abwerere kunyumba, ngongoleyo ndi ya akuluakulu, iye asaisenze. Ndipo akaimba foni n'kumva mawu a mwanayo atazilala, asiye kaye za malikisi, akwere sitima akamuone.