Dzina la chitsamba mwalidziwa, nanga mlingo wake?

Abale ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya zitsamba zonunkhira zomera zokha kutchirezi, chifukwa zomwe ndikumaona pa WhatsApp masiku ano zanditopetsa. Munthu angojambula tsamba, pansi nkulemba kuti limachiza shuga, BP, kansa mpaka kusabereka, kenako akuti wiritsani muzimwa ngati madzi, nzachilengedwe sizipweteka. Eeh. Ineyo zitsambazi ndimazikonda kwabasi, ndikaona mint kapena mpungabwi m'mbali mwa njira sindidutsa osathothola tsamba nkulifikisa m'zala kuti ndinunkhize, koma zoti sizipwetekazo ndiye ayi, ndakana.

Tayambani mwadzifunsa kuti chomera chimanunkhiriranji, chilibe mwendo woti nkuthawira, chilibe mano. Fungo lija limachokera ku timafuta tomwe chimasunga m'timatumba ting'onoting'ono pa tsamba, nchifukwa chake limatuluka kwambiri mukalifikisa, mwaphulitsa timatumbato. Timafuta timeneto ndi mkondo wake wothamangitsira mbozi ndi nyama zodya msipu, tina timapha ndi mabakiteriya omwe. Mu thyme, chitsamba chokometsera chakudya, muli thymol, yemweyu amene amaika mu Listerine, mankhwala ochukuchira m'kamwa omwe adapangidwa koyamba mu 1879. Mu mint muli menthol, amene amanamiza mitsempha kuti kwazizira pomwe sikudazizire, ndipo asayansi adapeza kachitidwe kake mu 2002, mmodzi mwa iwo David Julius amene adadzalandira mphoto yapamwamba ya Nobel mu 2021. Ndiye chinthu choti chimapha tizilombo, chimapusitsa ngakhale mitsempha yanu, mukuti chilibe mphamvu yopweteka? Ngati sichingapweteke ndiye kuti sichingachizenso.

Akale ankadziwa zimenezi, ndipo umboni wake uli kukhitchini konkuko. Nthawi zambiri anthu sadya mbale yodzadza zitsamba zokometsera chakudya ngati thyme kapena rosemary, amangotsina pang'ono basi. Zamasamba olimba amaziponya mumphika kumayambiriro chifukwa zimapirira moto, zamasamba ofewa ngati mint amathira poti aphule chifukwa fungo limathawa ndi nthunzi. Oregano wouma ndi waukali kuposa wamuwisi, ndiye amachepetsa. Nthangala za fennel amatafuna akatha kudya kuti m'mimba musadzadze mpweya. Ngakhale kuvundikira kapu ya tiyi wa masamba si mwambo wachabe, timadontho timene timagwira kunsi kwa chivundikiro muli timafuta tija. Wophika ndi wamankhwala nthawi zambiri adali munthu mmodzi, nzeru zake zidali pa zala, kudziwa kuti apa pakwana.

Nkhani imene ndimaikonda ndi ya mayi wa ku China, Tu Youyou. Boma la kumeneko lidayambitsa ntchito yofufuza mankhwala a malungo mu 1967, mayiyu ndi anzake adayesa zitsamba zambirimbiri kuphatikizapo Artemisia annua, chomera chonunkhira chomwe chimangomera ngati udzu, koma zotsatira zake zinkangosinthasintha, lero chagwira mawa ayi. Kenako adawerenga zolemba za Ge Hong, sing'anga wa zaka za m'ma 300, yemwe adalangiza kuti masambawo aviikidwe m'madzi nkufinyidwa, sadanene zowiritsa. Apo mpomwe mayiyu adaganiza kuti mwina moto ndi umene ukuononga mankhwalawo, adasintha njira nkumatulutsa mosatenthetsa kwambiri, mu 1972 mankhwala a malungo otchedwa artemisinin adapezeka, mu 2015 mayiyu adapatsidwa Nobel. Anthu amakonda kuigwiritsa nkhaniyi ponena kuti mwaona, zitsamba zimachiza. Zoona zimachiza. Koma taonani pomwe padagona nkhani, dzina la chomeracho ankalidziwa kale, chomwe chinkasowa ndi kakonzedwe. Ndipo mpaka lero bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO sililimbikitsa kumwa tiyi wa Artemisia pochiza malungo, chifukwa mphamvu ya m'masamba imasiyana chomera ndi chomera, ukamwa mlingo woperewera tizilombo sitifa tonse, totsalato nkuzolowera mankhwala, mawa lake ngakhale mapiritsi enieni osagwiranso.

Pali china chotchedwa pennyroyal, mbale wake wa mint, fungo lake nkumati ndi mint ndithu. Mafuta ake amaononga chiwindi ndipo adaphapo anthu, makamaka amayi amene ankamwa kuti achotse pakati. Timabotolo ta mafuta a zitsamba tadzadza pa intanetiti ndi nkhani inanso, kuti kabotolo kamodzi kadzadze pamalowa masamba mulu wonse, ndiye supuni ya mafuta sungaifanizire ndi kapu ya tiyi ya agogo. Mafuta a mint omwewa sayenera kupakidwa kumaso kwa khanda, amatha kumubanikitsa. St John's wort, duwa lachikasu lomwe ena amamwa akakhala ndi nkhawa, limachepetsa mphamvu ya ma ARV ena ndi mapiritsi olera. Amene amakutumizirani zithunzi aja zimenezi amakuuzani? Kapena amangoti tumizani kwa anthu khumi kkkk.

Kutola kwenikweniko nakonso nkofuna maso. Fennel wakutchire, karoti wakutchire ndi hemlock ndi a banja limodzi, masamba ndi maluwa ofananako, koma hemlock ndi poizoni amene adamwetsa Socrates, woganiza mozama wotchuka wa ku Greece, mumzinda wa Athens mu 399 BC. Ku Ulaya anthu amadwala, ena kufa kumene, atasokoneza adyo wakutchire ndi masamba a duwa lapoizoni lotchedwa autumn crocus. Amene adaphunzira kutola poyenda ndi munthu wamkulu adagwiritsidwa tsamba m'manja, nunkhiza ili, ili lisiye, taona tsinde lake lili ndi madontho. Chithunzi cha pafoni sichinunkha.

Mwina ndionjezere kamodzi ngakhale nkapambali. Chitsamba chikangotchuka anthu amazula ndi mizu yomwe ngati chalakwa. Kale ku Cyrene, komwe lero ndi Libya, kudali chomera chotchedwa silphium, chokometsera chakudya komanso mankhwala, chodula mpaka ankachidinda pa ndalama zawo, chidatha psiti m'nthawi ya Aroma, lero akatswiri amangotsutsana kuti chidali chomera chanji. Ku Israel mu 1977 adaletsa kuthyola za'atar wakutchire, chitsamba chonunkhira chokometsera chakudya, ponena kuti akutha, lamulo lomwe Apalestina ambiri adaliona ngati lolimbana ndi iwo chifukwa ndi chakudya chawo cha tsiku ndi tsiku. Kudula nsonga nkusiya tsinde kuti liphukenso sikufuna sukulu koma anthu dyera.

Ine wina akandiuza za chitsamba sindimutsutsa, ndimangomufunsa kuti tsamba kapena muzu, wochuluka bwanji, masiku angati, nanga woyembekezera, mwana ndi amene ali pa mankhwala a kuchipatala angamwe? Munthu wodziwadi amayankha osaganiza kawiri, ndipo kawirikawiri amayamba ndi kukuuza amene sayenera kumwa. Sabata yatha ndidafunsa mafunso omwewa m'gulu lina, achimwene amene adatumiza chithunzicho adakhala chete tsiku lonse, madzulo ake adangotumiza chithunzi cha tsamba lina.