Masabata atatu ndikuthawa foni ya achemwali

Pali khalidwe lina limene ndakhala nalo zaka zambiri, ndipo ndikukayika ngati ndili ndekha. Foni ikalira, ndikaona kuti ndi nambala ya kumudzi, ndimaitembenuza chafufumimba patebulo. Kudula ayi, kudula n'chipongwe. Ndimangoisiya ilire mpaka itope yokha. Madzulo ndimatumiza kauthenga kakuti "ndinali pamsonkhano, ndiimba", kenako zii. Pa WhatsApp ndinachotsa kalekale timizere tabuluu tija kuti munthu asadziwe ngati ndawerenga. Amene mukuseka mukudziwa chimene mukuseka.

Mu 2024 achemwali anga aakulu anandiimbira kwa masabata atatu ine osayankha. Achemwali amenewa ndi amene ankakhala pamsika wa Lizulu, m'mphepete mwa msewu wa M1, kuthamangira mabasi ndi beseni la mbatata ya kachewere pamutu, mphepo ya mu Juni ikulowa mpaka m'mafupa, kuti ine ndipeze fizi ya ku sekondale. Sindinaiwale ngakhale tsiku limodzi. Ndiye musaganize kuti ndinkasowa wondikumbutsa.

Ondikumbutsa analipo ambiri, woyamba ndine ndemwe. Lamlungu abusa akalalikira za chikondi, ine mawu kundilasa, mutu kuwerama. Pobwerera kunyumba ndimadzitukwana mumtima kuti ndine wosayamika, ndine wouma mtima, munthu wanji ine. Lolemba foni ikalira, chafufumimba.

Zinanditengera nthawi kuti ndione kuti kudziimba mlandu koteroku nakonso n'kudzikonda, kungoti kwavala suti ya kutchalitchi. Tamverani mawuwo: ine woipa, ine wosayamika, ine wochimwa. Achemwali ali pati m'nkhaniyi? Mulibemo. Choipa kwambiri n'chakuti ukadzitukwana mokwanira umamva ngati ngongole ija wabwezako. Walira, ndiye ndiwe munthu wabwino amene wangofooka pang'ono. Umagona tulo tabwino, foni usanaimbe.

Chimene chinandigwedeza sichinachokere kuguwa. Ndinakumana pa YouTube ndi nkhani ya dokotala wina wa matenda a maganizo wa ku America, Judson Brewer, wa ku Brown University, amene wakhala akuthandiza anthu kusiya fodya. Njira yake inandiseketsa poyamba. Sauza munthu kuti adziletse ndi mphamvu. Amamuuza kuti asute ndithu, koma asute ali tcheru, amvetsere kuti utsiwo ukukoma bwanji mkamwa, ukununkha bwanji, pachifuwa pakumveka chiyani. Ambiri akatero amadabwa kuti chinthu chimene akhala akuchithamangira zaka zonsezi n'chonunkha. Iye amati chizolowezi chili ndi mbali zitatu: chimene chimakuyambitsa, chimene umachita, ndi kamphoto kamene umalandira. Ukakayang'anitsitsa kamphotoko n'kuona kuti n'kachabechabe, chizolowezi chimayamba kufooka chokha.

Ine fodya sindisuta. Koma ndinati bwanji ndiyese pa foni ija.

Linali Lachisanu madzulo, tili ndi anzanga pamalo ena ku Area 25, kanyenya ali pamoto. Foni inalira. Achemwali. Dzanja linanyamuka lokha kuti liitembenuze, koma ulendo uno ndinaisiya chagada n'kumangoiyang'ana. Sindinayankhe, musandiyamikire msanga. Ndinangofuna kuona kuti chimachitika n'chiyani mwa ine m'masekondi ochepa amenewo.

Mapewa anali atakwera kufika m'makutu. M'mimba munali mutathina ngati mmene mumachitira ukaona apolisi apamsewu laisensi utaiwala kunyumba. Mpweya ndinali nditaugwira. M'mutu namo mpukutu wa ndalama unali utayamba kale kuwerengedwa: ndi feteleza ameneyu, kapena denga lija, kapena mankhwala a mayi. Pambuyo pake panabwera kaukali: anthu amenewa amayesa ndalama timatola pansi. Achemwali anali asanayankhule liwu ndi limodzi lomwe, koma ine ndinali nditakangana nawo kale, nditawayankha kale, mlandu nditawina kale.

Foni itasiya kulira, mapewa anatsika. Ndinapuma. Kamphoto kaja ndi kameneka, kampumulo ka mphindi ziwiri. Ndinali kugulitsa achemwali anga pamtengo umenewu.

Nditafukula pansi pa ukaliwo ndinapezapo mantha. Chiyambire Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, malipiro anga anangokhala pomwepo pamene shuga, mafuta ophikira ndi thiransipoti zinkathamanga. Koma sikuti ndinkaopa kwenikweni kusowa ndalama. Ndinkaopa kutchula mawu akuti "ndilibe". Kumudzi ine ndine bwana wa ku Lilongwe, mwana amene anaphunzira. Bwana sanena kuti alibe. Kuli bwino aziti ndine wotanganidwa kusiyana n'kuti adziwe kuti pofika pa 20 ndimakhala nditayamba kale kukongola.

Ndikanalekera pamenepa bwenzi nkhani yake ili yokoma: munthu wosauka wamanyazi, timumvere chisoni. Koma chidwi chikayamba sichisankha pokumba. Ndinayang'ana patebulo paja. Mphindi khumi zokha m'mbuyomo ndinali nditaitanitsa zakumwa za anthu asanu ndi mbale ya nyama, osawerengera, m'mimba osathina. Bwanji apa dzanja likufewa? Yankho lake silinandikomere. Apa pali ondiona. Apa munthu amakumenya paphewa n'kunena kuti "bwana mwatikumbuka". Ndinakumbukanso mmene ndimachitira pamaliro, podziwa kuti chipepeso chiwerengedwa pagulu dzina ndi dzina: pamenepo ndalama imapezeka ndithu. Ndalama yotumiza pa Airtel Money kapena Mpamba, imene aidziwe ndi achemwali okha, ndiyo imavuta kutuluka. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, koma ine ndinkaika pokhapokha pali wolemba risiti.

Zimenezi palibe mlaliki akanandiuza, chifukwa palibe ankazidziwa. Ngakhale ine mwini sindinkazidziwa. Ndipo chodabwitsa n'chakuti nditaziona sindinamve kulemera kuja kwa Lamlungu. Ndinangomva ngati munthu amene wapeza pamene denga likudonthera patatha zaka akungosuntha bedi.

M'mawa mwake ndinaimba.

"Achimwene, muli moyo? Ine ndimayesa mwadwala."

Ndinayamba kufotokoza za kutanganidwa, koma ndinadzimva ndekha kuti ndayambanso bodza lija, ndiye ndinangoti, "Pepani achemwali. Kwagwanji?" Chala chinali chili kale chokonzeka kutsegula akaunti.

Sanafune ndalama. Mwana wawo wachisamba anali atakhoza mayeso a Sitandade 8, koma anasankhidwira ku sekondale yoyendera yapafupi ndi kwathu, pamene iye ankayembekezera yogonera. Mnyamatayo anakana kupita. Ankangodzitsekera m'nyumba, kudya movutikira, n'kumanena kuti kuli bwino apite kutauni akayendetse kabaza. Bambo ake anayesa kukalipa, zinakanika. "Ndinu amalume ake, mwini mbumba ndinu. Inu akumverani." Masabata atatu onse aja ankafuna zimenezi basi. Ndipo kuti andiimbire ankayamba ayenda kukatchajitsa foni pa sitolo, kulipira, kugula mayunitsi, n'kumamvetsera ikulira mpaka kuduka.

Anamupatsa foni mnyamatayo. Apa m'pamene ndinakumana ndi kudzikonda kwanga kwachiwiri, kumene sindinkakuwerengera n'komwe. Atangoti "Amalume", pakamwa panga panadzaza kale nkhani: ine m'nthawi yanga ndinkayenda wapansi opanda nsapato, ine ndinkawerengera koloboyi, ine, ine. Nkhani imeneyi ndimaikonda kwabasi. Ndaikamba pa maukwati, pa zinkhoswe, ngakhale pa maliro a eni ake.

Pali akatswiri awiri, Diana Tamir ndi Jason Mitchell, amene mu 2012 ali ku yunivesite ya Harvard anaonetsa kuti munthu akamakamba za iye mwini, mbali za ubongo zimene zimasangalala ndi chakudya kapena ndalama zimayaka. Anthu ena m'kafukufuku wawoyo ankalolera kutaya tindalama pang'ono kuti angopatsidwa mpata wonena za iwo eni. Ndiye musadabwe ndi mnzanu uja amene mukamuuza kuti mutu ukukupwetekani amayankha kuti wake unayamba dzana. Sikuti ndi mfiti. Akungodya kanthu kokoma. Vuto ndi lakuti akudyera m'mbale yanu.

Ndinaimva nkhani yanga ikukwera kukhosi, ndinaimeza. M'malo mwake ndinafunsa funso limene yankho lake sindinkalidziwa: "Chikukuwawa kwenikweni n'chiyani?"

Anakhala chete nthawi yaitali moti ndinayang'ana ngati foni yaduka. Kenako anati anzake awiri amene ankawaposa m'kalasi chaka chonse asankhidwira kogonera. Akamadzabwera patchuthi ndi masutikesi awo adzamupeza iye akupalasa njinga ya bambo ake kupita kusukulu ya pamudzi. Sukuluyo sankaikana. Ankaopa maso a anthu.

Ndinatsala pang'ono kuseka, osati kumuseka iye. Mwana wa zaka 14 ku Ntcheu wadzitsekera m'nyumba kuopa kuoneka wotsika, amalume ake ku Lilongwe atembenuza foni kuopa chomwecho. Ndikanamuthira nkhani ya koloboyi ija bwenzi atangoti "chabwino amalume", ine n'kudula foni ndikudzimva kuti ndalangiza mwana. Tinacheza pafupifupi ola. Zambiri ananena ndi iye. Sukulu anapita, ngakhale sindinganene kuti ndi chifukwa cha ine. Mayi ake ndi amene ankamudzutsa m'mawa uliwonse.

Tsopano ndisanamizire kuti foni iliyonse ya kumudzi imakhala ya malangizo. Zambiri zimakhaladi za ndalama, tisanamizane. Ndipo ndikudziwa kuti pali ena amene abale anawasandutsa banki, amene akulephera kugula ngakhale njerwa imodzi chifukwa aliyense akudya pa iwo. Masiku ano pa intaneti pali uphungu wambiri wakuti dziikireni malire, ganizani za inu kaye, amene akukusowetsani mtendere mutsekeni. Sindikutsutsa zonse. Koma malire amaikidwa ndi munthu amene wamva chimene mnzake akufuna, waganiza, n'kuyankha kuti apa nditha, apa sinditha. Zimene ndinkachita ine sanali malire. Kunali kubisala, kenako n'kukupatsa dzina lachizungu kuti kumveke bwino.

Mbali inayi kuli akuluakulu amene amangodandaula kuti umunthu unatha, ana a masiku ano ndi odzikonda. Mwina akunena zoona, koma sindinaonepo munthu amene anasiya kuumira chifukwa chonenedwa kuti ndi woumira. Amangophunzira kubisa bwino. Mwambi wakuti safunsa anadya phula timaugwiritsa ntchito pouza ana kuti azifunsa njira kwa akulu, koma ine phula limene ndinadya linali la kusadzifunsa ndekha, ndi kusafunsa achemwali funso laling'ono lakuti kwagwanji.

Patapita miyezi iwiri anaimbanso, ulendo uno inalidi ya feteleza. M'mimba munathina monga mwa masiku onse. Ndinamva kuthinako, ndinapuma kamodzi, n'kunena mawu aja ndinkawaopa: "Achemwali, mwezi uno ndilibe. Zinthu zandithina." Ndinadikira kuti thambo ligwe. Iwo anangoti, "Ohoo, si mukanangonena kale? Ife timayesa mumatinyoza." Anakatenga ngongole ku banki m'khonde, ine ndinadzawathandiza kubweza mwezi wotsatira. Zaka zonsezi ndinkateteza ulemu wa ubwana, pamene kumudzi ankandiona ngati munthu wonyada amene anaiwala kwawo.

Sikuti ndinachira. Sabata yathayi foni inalira ndili pa ofesi, ndipo ndinazindikira ili kale chafufumimba, dzanja langa lili pamwamba pake ngati ndikutseka pakamwa pa mwana. Sindinadzitukwane. Ndinangoti, ee, wabweranso iwe, n'kuyang'ana kuti mapewa ali pati. Anali m'makutu. Anali amalume anga amene ankaimba, ndipo ndinawaimbira patatha mphindi makumi awiri. Ankafuna ndalama yokonzera njinga. Ndinawatumizira theka, n'kuwauza kuti ndi theka. Anadandaula pang'ono, kenako anayamba kundifotokozera za mbuzi yawo imene inaswa ana atatu, ndipo nkhani ya mbuziyo inatenga nthawi yaitali kuposa ya njinga.