Mukasiya nyama, musathamangire mabotolo a mavitamini

Anzanga ambiri am'tauni ayamba kusiya nyama ndi zamafuta. Wina adokotala amuuza kuti BP yakwera, wina ndi shuga, wina wangotopa ndi mimba yotsogola. Ine ndikugwirizana nawo. Kanyenya tsiku ndi tsiku, tchipisi cha pachiwaya chokazingidwa m'mafuta omwe aja adzana, zimenezi n'zofunika kuchepetsa ndithu. Chondidabwitsa n'chakuti munthu akangosiya nyama lero, mawa wagula kale botolo la mapiritsi kwa mayi wina wa pa WhatsApp, pamtengo woti akanagula nyemba za mwezi wathunthu.

Chakudya chomwe tikuchisaka pa intanetichi n'chomwe agogo amadya kumudzi: nsima ya mgaiwa, nyemba, nandolo, khobwe, bonongwe, chisoso, nkhwani wotendera. Ndipo nsinjirozo musazichotse poti mukuthawa mafuta. Vitamini A wochokera m'masamba obiriwira, maungu ndi mbatata yofiira mkati amalowa bwino m'thupi pakakhala timafuta pang'ono. Kudya masamba owiritsa m'madzi okha n'kudzilanga chabe. Ayironi wa m'nyemba naye amafuna mnzake wa vitamini C, monga matimati, lalanje kapena malambe, pomwe tiyi womwera pachakudya pomwepo amamutchinga. Soda wa m'therere uja amaononganso mavitamini ena, ngakhale ndikudziwa kuti apa ambiri sandimvera.

Kumbukiraninso kuti shuga ndi mafuta ophikira ogulitsidwa m'sitolo kuno ku Malawi amathiridwa kale vitamini A, ndipo mchere uli ndi ayodini. Vitamini A akachuluka satuluka ndi mkodzo, amaunjikana m'chiwindi. Ndiye kumeza mapiritsi ake mwachisawawa si nzeru, makamaka kwa amayi oyembekezera. Iwowa amwe omwe apatsidwa kusikelo, owonjezera magazi aja, osadumphitsa.

Pomwe pali vuto lenileni ndi pa vitamini B12. Ameneyu simungamupeze m'nyemba kapena m'masamba, amapezeka mu nyama, nsomba, mazira ndi mkaka. Choipa chake, chiwindi chimamusunga kwa zaka zingapo, ndiye munthu amadzimva wamphamvu n'kumanyadira, kenako ayamba kufooka, magazi kuchepa, dzanzi m'manja ndi m'mapazi, kuiwalaiwala. N'chifukwa chake ine sindiona chifukwa chotayira usipa ndi matemba. Timadya ndi mitu ndi minga yomwe, ndiye timapezamo B12 pamodzi ndi kashiamu wolimbitsa mafupa. Ongophika ndi matimati ndi anyezi, osakazinga m'mafuta ambirimbiri, amakoma bwinobwino.

Amene wasiyiratu zonse, nsomba, mazira ndi mkaka womwe, ameneyo agule B12 kufamase yovomerezeka, osati zosakanizasakaniza za m'chikwama cha munthu zomwe amati zimachiza chilichonse. Ndipo inu a shuga omwe mwamwa metformin kwa nthawi yaitali, mankhwalawa amachepetsanso B12 m'thupi. Tsiku lokatenga mankhwala lija auzeni adokotala kuti mwasiya nyama.