Siliva wa akazi a ku Greece si "zitsulo za agogo"

Ndapsa mtima ndithu. Dzulo ku Benaki Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale muno mu Athens, bambo wina amene tinali naye pagulu anangoponya diso pa zovala za akwati a kumidzi zimene zili m'magalasi, n'kunena mokweza kuti, "Izi ndi zitsulo za agogo basi, tiyeni tikaone ziboliboli." Zitsulo za agogo! Munthu sanawerame n'komwe kuti aone chimene akunyozacho.

Bambo inu, mukanaima pang'ono mukanaona chomangira lamba chija, chachikulu ngati zikhatho ziwiri. Maluwa ali pamenepo ndi waya wa siliva wopyapyala, wopotedwa ndi zala, kachidutswa kalikonse n'kumatidwa pamoto pakokha. Mizere yakuda ija si dzimbiri ayi. Eni ake amati savati: amasungunula siliva, mkuwa, mtovu ndi sulufule, n'kuthira m'timizere tomwe agoba, kenako n'kupukuta mpaka kuwala. Mmisiri anatha maso ake pamenepo, inu n'kumati zitsulo?

Ndipo si zokongoletsa chabe. Matcheni a pachifuwa aja, olendewera ndalama zachitsulo, chinali chuma cha mkazi. Ankalowa nacho m'banja, tsiku la ukwati mudzi wonse n'kuona kuti kwawo amupatsa chiyani, zinthu zikathina n'kumasulapo ndalama imodzi kuti ana adye. Iye akamwalira, mwana wake wamkazi n'kuvala. Chimenecho ndiye mukuchitcha zitsulo.

Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Vuto n'loti anthu amabwera kuno atauzidwa kale kuti Greece ndi Acropolis, phiri la akachisi akale lija, ndi miyala yosema basi. Koma zimenezo si chifukwa chonyozera ntchito ya manja a anthu. Kumapiri a Epirus, kumpoto chakumadzulo kwa Greece, kuli mudzi wotchedwa Kalarrytes umene unatchuka ndi osula siliva dziko lidakali m'manja mwa ufumu wa Ottoman. Banja la Sotirios Voulgaris linachokera kumeneko, ndipo iyeyo ndi amene anakatsegula sitolo ku Rome mu 1884 yomwe lero mumaitcha Bulgari, kampani yotchuka ya zodzikongoletsera zodula. Ndikhulupirira bambo aja akanaona dzina limeneli pagalasi akanatulutsa foni n'kujambula mpaka batire kutha. Manja ndi omwewo, luso ndi lomwelo, koma poti wavala ndi mkazi wa kumudzi zasanduka zitsulo. Mumalemekeza dzina la sitolo, osati ntchito. Ndi zomwe zikundiwawa.

Mu mzinda wa Ioannina, ku Epirus komweko, anafika potsegula nyumba yapadera yosungiramo ntchito za osula siliva mu 2016, mkati mwa linga lakale, kuti anthu aone zida ndi mmene ankasulira. Eni dziko akudziwa mtengo wake. Mlendo wa tsiku limodzi ndiye akufuna kuwaphunzitsa chomwe chili chofunika?

Chinanso chimene chimandinyansa, anthu omwewa akangotuluka amathamangira m'timasitolo ta alendo kukagula zibangili zopepuka zodindidwa ndi makina, zofanana zonse kabokosi kathunthu, n'kukauza abale kwawo kuti agula "zachikhalidwe cha Agiriki". Chenicheni achidutsa osachiona, chabodza alipira mosanyinyirika. Pamenepo mmisiri amene akupotabe waya ndi manja agulitsa kwa ndani?